Njira zatsopano zophunzitsira madokotala, anamwino ndi azamba a mawa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe aphunzitsi a m'mayunivesite ndi m'makoleji a zaumoyo amafunsa kawirikawiri akafuna kusintha kaphunzitsidwe kawo. Ena akukhudza kalasi, ena chipinda choyesereramo luso la manja, ena ku wodi. Poyankha tikuyang'ana ngati njirayo ikuchititsa wophunzira kugwira yekha ntchito ya mutu ndi manja, pali wina womuona, womuuza pomwe waphonya, n'kumupatsa mpata wobwereza.

Kuima kutsogolo n'kumafotokoza ola lonse kwalakwika pati? Ifenso tinaphunzira choncho.

Sikuti n'kolakwika. Mphunzitsi wodziwa bwino nkhani yake akhoza kumasula m'mphindi 20 chinthu chimene wophunzira akanalimbana nacho sabata yathunthu. Vuto limabwera njirayi ikakhala yokhayo. Wophunzira amene wamvetsera phunziro la chibayo amatuluka akudziona kuti wadziwa, koma mukamuimika pafupi ndi mwana yemwe akupuma mobanika, amasowa poyambira. M'kalasi muja amene ankaganiza ndinu, iye ankangolemba.

Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu m'mayunivesite. M'makalasi ongomvetsera, pafupifupi ophunzira 34 pa 100 alionse ankalephera. M'makalasi omwe ophunzira ankapatsidwa zochita, olephera anali pafupifupi 22 pa 100 alionse. Pa zaumoyo nkhaniyi imakula kwambiri. George Miller mu 1990 anagawa luso la wachipatala m'magawo anayi: kudziwa chinthu, kudziwa mochigwiritsira ntchito, kuonetsa kuti ungachichite, ndi kuchichitadi pa wodwala. Kumvetsera kumathandiza gawo loyamba ndi pang'ono lachiwiri. Wodwala amakumana ndi lachinayi.

Ndili ndi ophunzira oposa 150 m'holo imodzi. Ndingachite chiyani popanda kugula chilichonse?

Dulani phunziro m'zigawo za mphindi 10 kapena 15, ndipo chigawo chilichonse chithere pa funso lofuna kuganiza. Njirayi anaitchukitsa Eric Mazur wa ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Wophunzira aliyense akhale ndi pepala lopinda panayi, lolembedwa A, B, C ndi D.

Tinene kuti mwafunsa chonchi: mwana wolemera makilogalamu 12 akufunika paracetamol pa mlingo wa 15 mg pa kilogalamu, ndipo botolo lalembedwa 120 mg mu 5 ml. Apatsidwe 5 ml, 7.5 ml, 10 ml kapena 15 ml? Apatseni mphindi imodzi aliyense aganize yekha, kenako akweze mapepala nthawi imodzi. Ngati pafupifupi onse akhoza, tchulani yankho, 7.5 ml, n'kupitirira. Ngati agawikana, musaulule. Auzeni kuti aliyense apeze mnzake wa yankho losiyana ndi lake, atsutsane kwa mphindi ziwiri, akwezenso mapepala. Nthawi zambiri okhoza amachuluka ulendo wachiwiriwu, chifukwa amene wangomvetsa kumene chinthu amakumbukira pomwe chimasokoneza, pomwe katswiri anaiwala kalekale. Ngati olakwa ndi ochuluka zedi, kukambirana kungofalitsa cholakwikacho, ndiye fotokozaninso inuyo mwa njira ina.

Musawauze kukweza manja yankho ndi yankho. Amayang'anana n'kutsatira komwe kwapita ambiri.

Kodi PBL ndi chiyani kwenikweni, ndipo imayenda bwanji?

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti problem-based learning, kutanthauza kuphunzira poyambira pa vuto la wodwala. Inayambira ku sukulu ya madokotala ya McMaster ku Canada mu 1969, ndipo yunivesite ya Maastricht ku Netherlands inaikonza m'masitepe asanu ndi awiri omwe ambiri amatsatira lero.

Gulu limakhala la ophunzira 8 mpaka 10 ndi mphunzitsi mmodzi. Mmodzi mwa ophunzira amatsogolera zokambirana, wina amalemba pa bolodi, ndipo maudindowa amasinthana. Amapatsidwa nkhani yaifupi ya wodwala mutuwo usanaphunzitsidwe m'kalasi. Mwachitsanzo: bambo wa zaka 54 akumva ludzu losatha, akudzuka kangapo usiku kukakodza, wawonda, ndipo ali ndi chilonda kuphazi chomwe sachimva kuwawa. Pa mkumano woyamba, wa maola awiri kapena kucheperapo, gulu limamasulira mawu osamveka, limagwirizana kuti vuto ndi liti, ndipo aliyense amaponya zomwe akuganiza kuchokera pa zomwe akudziwa kale. Kenako amasanja maganizowo n'kuona pomwe pali mipata. Wina anena kuti ndi shuga, inde, koma n'chifukwa chiyani shuga wambiri m'magazi amachulukitsa mkodzo? Nanga chilonda chosawawa chikugwirizana bwanji ndi minyewa ya kuphazi? Mafunso osayankhikawo ndi amene amakhala zolinga zokawerenga. Pakatha masiku awiri kapena atatu amakumananso, aliyense n'kufotokoza m'mawu ake zomwe wapeza, ndipo amabwerera kwa bambo uja kukaona ngati tsopano zizindikiro zonse zikumveka.

PBL imafa m'njira zodziwika. Yoyamba ndi mphunzitsi amene sapirira gulu likakhala chete, ndiye amayamba kufotokoza yekha, mkumano n'kusanduka kalasi yaing'ono. Ntchito yake ndi kufunsa kuti "Mwadziwa bwanji?" kapena "Chingakutsimikizireni n'chiyani kuti si choncho?" n'kudikira, ngakhale masekondi 20. Yachiwiri ndi ophunzira kugawana zolinga, uyu impso, uyu maso, uyu mankhwala. Aliyense amabwera ndi kachidutswa kake n'kumawerenga papepala, ndipo palibe wotsutsa mnzake chifukwa palibe wina wawerenga zimenezo. Zolinga zikuluzikulu aliyense aziwerenge. Yachitatu ndi nkhani yolembedwa molakwika, yotchula matenda mu mzere woyamba, kapena yodzaza ndi zinthu khumi pomwe zofunika zinali zitatu. Komanso nkhani zikakhala zomwezo chaka ndi chaka, mayankho amadutsa kuchokera kwa a chaka chapamwamba, ndiye muzisinthe msinkhu wa wodwala, zotsatira za ku labotale ndi mathero ake.

Tisabise: PBL imadya aphunzitsi ndi zipinda. Kalasi ya 160 ikufuna magulu osachepera 16.

Nanga ngati aphunzitsi ndi ochepa?

Yesani TBL, kuphunzira m'matimu, yomwe Larry Michaelsen anaiyambitsa ku University of Oklahoma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kalasi yake itakula kwambiri. Mphunzitsi mmodzi amayendetsa matimu ambiri m'chipinda chimodzi. Timu ikhale ya anthu 5 mpaka 7, muisankhe ndinu posakaniza anzeru zosiyanasiyana, ndipo isasinthe semesita yonse.

Ophunzira amabwera atawerenga. Amayamba ndi mayeso aafupi a mafunso pafupifupi 10, aliyense payekha, kenako mayeso omwewo amawalembanso ngati timu, ndipo amadziwa pomwepo ngati akhoza. Timu yosagwirizana ndi yankho lanu ikhoza kudandaula polemba, ikutchula pomwe yawerenga. Inu mumafotokoza zokhazo zomwe zawavuta. Nthawi yaikulu imapita ku nkhani za odwala. Matimu onse apatsidwe nkhani imodzimodzi, asankhe chochita chimodzi chenicheni, monga mankhwala oyamba kupereka, ndipo aulule nthawi imodzi. Matimu awiri akasiyana, afunseni ateteze zisankho zawo. Mukawapatsa nkhani zosiyana kapena kuwauza kuti alembe lipoti lalitali, mmodzi amalemba, enawo ali pa foni.

Ndinawatumizira mavidiyo oti aonere asanabwere, koma ambiri sanaonere. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri pa zinthu zitatu. Vidiyo inatalika, iduleni m'zigawo zosapitirira mphindi 10, chilichonse pa mfundo imodzi, ndipo pakhalenso masamba ochepa owerenga kwa amene intaneti ikuwavuta. Chachiwiri, panalibe chowachititsa kukonzekera. Mafunso asanu oyambira kalasi, okhala ndi malikisi ochepa, amasintha zambiri. Chachitatu, mutaona kuti sanakonzekere, munafotokozanso zonse. Mukatero kamodzi, amene anaonera amaona kuti anataya nthawi, ndipo sabata yotsatira saoneranso. Pitirizani ndi zomwe munakonza.

Muwerengenso nthawi. Ngati aphunzitsi asanu aliyense wapereka ntchito ya maola awiri sabata yomweyo, palibe angamalize.

Luso la manja, monga kuika kanyula (kapaipi kapulasitiki kolowetsa mumtsempha ndi singano), ndiliphunzitse motani?

Rodney Peyton, dokotala wa opaleshoni, anafotokoza mu 1998 masitepe anayi omwe ndi osavuta kutsatira. Poyamba chitani inuyo pa liwiro lenileni, osalankhula, kuti wophunzira aone ntchito yonse momwe imaonekera. Bwerezani pang'onopang'ono mukufotokoza chilichonse. Kachitatu, wophunzira azikuuzani chochita, manja akhale anu. Kachinayi, afotokoze yekha n'kuchita.

Sitepe yachitatu ndi imene ambiri amadumpha, koma ndi imene imaulula zosoweka. Wophunzira anena kuti "Mangani lamba, pukutani khungu, bayani," n'kuima. Sanatchule kudikira kuti mankhwala opukutira aume, sanatchule kuti magazi akaoneka kumbuyo kwa kanyula muitsitse n'kukankha pang'ono musanalowetse kapulasitiki. Amene sadziwa zimenezi amapitiriza kukankha singano n'kuboola mtsempha mbali inayo. Ena amaiwala kumasula lamba, ena amabwezera singano m'kapulasitiki, chomwe chingadule kachidutswa n'kukasiya mumtsempha, ena amaika singano pathireyi m'malo moiponya m'bokosi lake nthawi yomweyo. Ndi bwino zonsezi zituluke manja ake asanagwire mkono wa munthu.

Luso limazilala likapanda kubwerezedwa. Wophunzira wotsitsimutsa mtima lero akhoza kusindikiza chifuwa ka 30 n'kupereka mpweya kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, mozama masentimita 5 mpaka 6, koma pakapita miyezi ingapo manja amapepuka. Mphindi 10 mwezi uliwonse zimaposa tsiku lathunthu kamodzi pachaka.

Kodi kuyeserera kumafuna zidole zodula za kompyuta?

Ayi. Chidole chotchuka chophunzirirapo kutsitsimutsa munthu cha Resusci Anne, chomwe Asmund Laerdal wa ku Norway anatulutsa mu 1960, chinali chopanda kompyuta, ndipo chaphunzitsa anthu osawerengeka. Siponji yokutidwa ndi nsalu imakwana poyambira kusoka bala. Kapaipi ka labala kodzaza madzi ofiira, kobisidwa pansi pa golovesi, kamakhala mtsempha. Zidole zopuma ndi kulankhula zili ndi malo ake, makamaka pophunzitsa za dzanzi ndi odwala mwakayakaya, koma chimene chimaphunzitsa ndi nkhani yokonzedwa bwino ndi kukambirana kobwera pambuyo.

Tione chitsanzo cha mayi wotaya magazi atangobereka. Sankhani zolinga ziwiri kapena zitatu zokha: kuzindikira msanga, kuitana thandizo, kuyamba chithandizo motsatira ndondomeko. Tengani mphindi zisanu kuwaonetsa ophunzira chipinda, komwe kuli mankhwala ndi madiripi, n'kuwauza momveka kuti muno kulakwitsa n'kololedwa ndipo zochitika muno sizituluka kunja. Wina agone pabedi ngati mayiyo, atavala chiberekero choyeserera monga MamaNatalie, kapena nsalu yonyowa ndi madzi ofiira. Ophunzira atatu alowe. Mphindi 10 zikwana kuona ngati agwira mimba n'kupeza chiberekero chili chofewa, ngati achisisita, apereka oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero) mayunitsi 10, aika kanyula yaikulu, achotsa mkodzo, ndi kuyang'ana ngati pali pong'ambika kapena zotsalira m'chiberekero. Aonetseninso momwe 500 ml imaonekera ikamwazika pansalu, chifukwa maso amachepetsa magazi otayika.

Kukambirana kutenge mphindi 20 kapena kuposa. Yambani ndi momwe akumvera, chifukwa munthu amene mtima ukumugunda samva malangizo. Kenako nenani chomwe mwaona, maganizo anu, n'kufunsa awo: "Ndaona kuti panadutsa mphindi zinayi musanaitane thandizo, ndipo zinandidetsa nkhawa poti magazi ankatayikabe. Panthawiyo mumaganiza chiyani?" Wina ayankha kuti amaganiza kuti mnzake waitana kale. Wina ati amaopa kuoneka wosadziwa ntchito. Wina sanazindikire n'komwe kuti magaziwo ndi ambiri. Amenewa ndi mavuto atatu osiyana, ndipo mukangowakalipira kuti achedwa, simudziwa lomwe mukukonza. Nthawi ikalola, abwereze nkhani yomweyo, atuluke atachita bwino.

Musalole wodwala woyeserera "kumwalira" pofuna kuwapatsa phunziro ophunzira oyamba kumene. Chimatsala m'mutu ndi manyazi.

Nanga anthu oyerekeza kudwala amathandiza chiyani?

Howard Barrows anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1963 ku University of Southern California. Amathandiza pa zomwe chidole sichingathe: kufunsa mbiri ya matenda, kufotokozera munthu uthenga wowawa, kupempha chilolezo cha opaleshoni. Mulembereni tsamba limodzi lonena kuti iye ndi ndani, ayambe ndi mawu ati, ndi ziti anene pokhapokha atafunsidwa. Yesererani naye mpaka azichita mofanana kwa wophunzira aliyense. Pomaliza alankhule yekha momwe anamvera. Wophunzira akamva kuti "Munandifunsa za kunyumba kwanga maso ali papepala, ndiye ndinasiya kufotokoza," saiwala msanga.

Ku wodi odwala ndi ambiri, nthawi yophunzitsa palibe. Titani?

Pali njira ya masitepe asanu yomwe Jon Neher ndi anzake anafalitsa mu 1992, ndipo imatheka m'mphindi zochepa. Wophunzira akamaliza kufotokoza za wodwala, musalumphire kupereka yankho. Funsani, "Inu mukuti vuto n'chiyani?" Akayankha, funsani chomwe chamufikitsa pamenepo. Mupatseni mfundo imodzi yoti ikamuthandize kwa odwala ena otere. Tchulani chenicheni chomwe wachita bwino, kenako konzani cholakwika. "Mwachita bwino" yekha saphunzitsa kanthu. "Mwachita bwino kuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu mwana ali phee" amaphunzitsa.

Kamodzikamodzi imani pambali mumuonerere akupima wodwala weniweni kwa mphindi 15, n'kumuuza zomwe mwaona kwa mphindi zisanu. Izi ndi zomwe zimatchedwa mini-CEX. Zichitike kangapo, pa odwala osiyana, ndi oonerera osiyana. Ophunzira ambiri amamveka bwino pofotokoza, koma palibe anawaonapo akugwira mimba ya wodwala. Wodwalayo apemphedwe chilolezo, adziwe kuti uyu ndi wophunzira, ndipo kudzudzula kuchitikire kutali ndi bedi.

Amakhoza mayeso, koma chaka chotsatira amakhala ataiwala. Chifukwa chiyani?

Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimaiwalika m'masiku oyambirira. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anayerekeza owerenga mobwereza ndi odziyesa okha kukumbukira. Patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga anali patsogolo. Patatha sabata, odziyesa anawapitirira. Kuwerenga usiku wonse mawa lake kuli mayeso kumakhozetsa, koma sikusunga. Yambani kalasi iliyonse ndi mafunso asanu: awiri a sabata yatha, awiri a mwezi watha, limodzi la semesita yapita. Mapulogalamu ngati Anki amathandiza kuloweza mayina a minofu ndi milingo ya mankhwala, ngakhale saphunzitsa kuganizira wodwala.

Ngati kaphunzitsidwe kasintha, mayeso akhale otani?

Asinthe nawo, apo ayi ophunzira atsatira mayesowo n'kusiya njira yanu. Pa luso la manja ndi kulankhula ndi odwala, njira yofala ndi OSCE, yomwe Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee anafalitsa mu 1975. Ophunzira amazungulira masiteshoni, iliyonse ya mphindi 5 mpaka 10, belu likalira n'kusuntha. Konzani 12 kapena kuposa, chifukwa wokhoza pa wodwala wa mtima akhoza kulephera pa khanda, ndipo masiteshoni ochepa amayesa mwayi. Musanalembe siteshoni iliyonse, jambulani tebulo la maluso ndi ziwalo za thupi kuti pasakhale gawo losiyidwa.

Yesani siteshoni ndi mnzanu, wotchi ili m'manja, mayeso asanafike. Ntchito ya mphindi 12 siikidwa m'mphindi 7. Oyesa aonere limodzi chitsanzo chimodzi n'kugwirizana kaperekedwe ka malikisi. Mndandanda wochonga wokha umapindulitsa oloweza, omwe amafunsa mafunso motsatana osamvetsera mayankho, choncho woyesa aperekenso chigamulo chake cha momwe ntchito yonse yayendera. Omaliza asakumane ndi osalowa, ndipo oyesa apume.

Ophunzira a unamwino, udokotala ndi zamankhwala aziphunzira limodzi?

Inde, pa zinthu zomwe adzachitire limodzi. Bungwe la WHO mu 2010 linafotokoza kuti maphunziro otere amachitika pamene ophunzira a ntchito ziwiri kapena kuposa akuphunzira za anzawo, kuchokera kwa anzawo komanso pamodzi ndi anzawo. Kuwakhazika m'holo imodzi sikukwana. Apatseni ntchito yosatheka popanda wina, monga kukonza zotulutsa wodwala wa mankhwala ambiri, kapena kuimbirana foni motsatira SBAR: momwe zilili pano, mbiri ya wodwala, zomwe ndapeza, chomwe ndikupempha. Otsogolera azisinthana, asamakhale a udokotala nthawi zonse, ndipo magulu akhale a misinkhu yofanana m'maphunziro.

Nanga ChatGPT ndi mapulogalamu ena otere oyankha mafunso pa kompyuta?

Ophunzira akuwagwiritsa kale ntchito. Amatha kupereka yankho lolakwika molimba mtima, ngakhale pa mlingo wa mankhwala. Asandutseni phunziro: gulu lifunse pulogalamuyo za wodwala wongopeka, kenako lifufuze mzere ndi mzere poyerekeza ndi ndondomeko zovomerezeka. Dzina, chithunzi kapena mbiri ya wodwala weniweni zisalowetsedwemo.

Ophunzira akudandaula kuti sindikuwaphunzitsa. Ndibwerere ku zakale?

Dandaulo limeneli liyembekezereni. Louis Deslauriers ndi anzake ku Harvard anapeza mu 2019 kuti ophunzira a fizikisi m'makalasi ogwira ntchito ankaona ngati aphunzira zochepa, chonsecho pa mayeso anakhoza kuposa pamene anangomvetsera. Kuvutika kuganiza kumamveka ngati kusadziwa. Afotokozereni zimenezi tsiku loyamba, koma mvetserani madandaulowo, chifukwa ena ndi oona: zowerenga zachuluka, mafunso sakumveka, kapena simunamange mfundo pomaliza. Siyani mphindi zisanu zomaliza kuti munene momveka yankho lolondola ndi chifukwa chake.

Ngati mukuyamba kumene, sankhani mutu umodzi womwe ophunzira amalephera chaka ndi chaka, musinthe umenewo wokha. Sungani mafunso 10 a mutuwo, muwafunse phunziro likangotha, muwafunsenso mosawachenjeza pakatha masabata asanu ndi limodzi. Pemphani mphunzitsi mnzanu akhale kumbuyo ndi wotchi, alembe mphindi zomwe mwalankhula inu ndi zomwe alankhula ophunzira, ndipo alembenso mayina a omwe sanatsegule pakamwa ola lonse.